Ulemu Upite kwa Dampa Yakufa

Anthu akaona galimoto yanga itaima pamsika wa Lizulu, oyilo akudontha kumimba kwake, amandimvera chisoni. Wina anandiuza poyera kuti ndikanangoigulitsa kwa osula mapoto, poti thupi lake ndi la aluminiyamu. Sindinamuyankhe. Munthu sukangana ndi amene sanagwirepo chiwongolero cha Agogo.

Agogo ndi Land Rover 110, mtundu umene unayamba kupangidwa mu 1983 ku Solihull, ku England, dzina lakuti Defender lisanabwere mu 1990. Makolo awo anabadwa mu 1948, chitsulo chikusowa ku Britain nkhondo itangotha, n'chifukwa chake banja lonseli limavala aluminiyamu. Fakitale inasiya kuwapanga mu Januwale 2016. Ine ndinawalandira kwa malume, pamodzi ndi jeke, sipanala ziwiri ndi mawu akuti, "Mphwanga, uziwamvera." Ndinkayesa akunena za injini, osadziwa kuti akunena kachiwalo kamene ndafuna kukatamanda lero.

Mukagwada kutsogolo kwa galimoto yotere n'kusuzumira pansi, muona shoko imodzi yogona chopingasa, pomwe anzake onse ali chilili pamatayala. Amakaniko amaitcha dampa. Mbali ina inamangidwa kuchasisi, ina kuchitsulo chimene chimakoka matayala mukakhotetsa. M'kati mwake muli oyilo amene amapanikizidwa kudutsa m'timabowo ting'onoting'ono, ndipo ntchito yake ndi kumeza nkhonya zamsewu zisanafike m'manja mwa dalaivala. Yanga inapuma pantchito zaka zitatu zapitazo. Timipira totseka oyilo tinatha, oyilo anathawa dontho ndi dontho, ndipo lero mukaikoka ndi manja imangoti fwee ngati pampu ya njinga. Koma kuyambira tsiku limene inamwalira, ndi pamene inayamba kundichitira zabwino.

Choyamba inandipatsa gule. Matayala onse akutsogolo ali pa ekiselo imodzi yolimba, kotero chimene lamva lakumanzere, lakumanja limamvanso nthawi yomweyo. Tikafika pa liwiro la makilomita 80 pa ola, tayala limodzi likangopsompsona kadzenje, mwambo umayamba. Chiwongolero chimagwedeza mutu, kumanzere, kumanja, mofulumira kuposa chiuno cha namwali pachisamba. Boneti imaomba m'manja. Magalasi amaimba nthungululu. Sipanala za malume zimapolokoza pansi pa mpando. Azungu anamupatsa guleyu dzina loopsa lotchula imfa, koma iwo ndi anthu amantha, ndipo misewu yawo ilibe maenje okwanira oti munthu n'kuphunzirirapo kuvina.

Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Ananena asanakwere Agogo. Kwa ine chakudza chimaimba ng'oma, chimaitana ndi oimba ake.

Gule ameneyu ali ndi mwambo wake, ndipo wosavinidwa amaonekera pomwepo. Mlendo amaponda buleki mwamphamvu, kapena kulimbana ndi chiwongolero ngati akugwetsa tonde, zimene zimangokwiyitsa mizimu. Wodziwa amachotsa phazi pamafuta pang'onopang'ono, kugwira chiwongolero mwaulemu koma osachitaya, n'kudikira liwiro litsike. Pena gule amatha pa 50, pena amafuna tiime ndithu pambali pamsewu, timwe madzi. Ndi galimoto iti yamakono imene imakukumbutsa kumwa madzi?

Anzanga a magalimoto osalala amadandaula za tulo pamsewu wa M1. Ine kuchoka ku Lilongwe kufika ku Dedza sindiphethira nkomwe. Maenje onse ndimawadziwa ngati ana a mlongo wanga, ndipo ena ndinawaona akubadwa. Foni ikalira m'thumba imalira mpaka kutopa, chifukwa dzanja loti ndiyankhire ndilibe. Apolisi apamsewu akandilozetsa kamera yawo ya liwiro amangoitsitsa mwamanyazi. Mapewa anga afutukuka popanda kunyamula zitsulo, moti mayi akunyumba anafunsa ngati ndayamba ganyu youmba njerwa.

Nanga za uzimu. Tsiku lina ndinatenga amayi anayi ndi bambo mmodzi potsika ku Golomoti, pamsewu wokhotakhota uja wochoka kumapiri kupita kunyanja. Bamboyo anayamba ulendo akudzitama kuti kutchalitchi anasiya kalekale. Titamaliza makona, pamalo ambee pamene ndinati ndiwonjezeko moto, Agogo anayambitsa. Sipanathe mphindi, bambo uja anali akutsogolera pemphero, kutchula machimo ake mmodzimmodzi, ena oti mkazi wake akanakhalapo sitikanafika. Abusa amalalikira chaka chathunthu osapeza nkhosa yotere. Dampa yakufa inaibweza m'khola pa mtunda wosakwana kilomita.

Phindu lina ndi mtendere ndi abale. Aliyense amene ali ndi galimoto yamphamvu amadziwa mtanda wake: maliro, chinkhoswe, matumba a chimanga, zonse ndi iwe. Mlamu wanga anabwereka Agogo kamodzi. Anabwera nawo madzulo, nkhope ili mbuu, anaika makiyi patebulo ndi manja awiri, n'kunena kuti, "Alamu, inu ndinu munthu wamkulu." Mpaka lero amakwera minibasi, ndipo timakondana kwambiri.

Koma chimene ndimailemekezera koposa ndi chilungamo. Dampa yamoyo ndi kazembe wosyasyalika, amene amauza mfumu kuti mudzi uli bwino pamene nkhokwe zikudyedwa ndi chiswe. Makaniko wanga, mkulu wa imvi amene amagwirira ntchito pansi pa mtengo wa mango, anandilongosolera atagona chagada pansi pa galimoto. Anandiuza kuti ndizigwedeza chiwongolero iye akuyang'ana, kenaka anatuluka akupukuta manja.

"Bwana, dampa sindiyo ikuvinitsa galimotoyi. Iyo inkangobisa."

Anayamba kuwerenga. Mabushi a chitsulo chopingasa chimene chimagwira ekiselo kuti isamasunthire m'mbali, chija amati Panhard, anaphwanyika ngati chigumu chadzana. Mfundo za tayi rodi zikusewera. Mabeyaringi a pamene tayala limakhotera anakhwefuka. Matayala awiri akutsogolo sanapimidwepo chigulireni, ndipo limodzi ndi lotupa mbali. Zonsezi zinalipo kale, koma dampa ili moyo inkazikwirira monga amachitira mkamwini waulemu pa nkhani za apongozi. Itafa, chilichonse chinayamba kuyankhula chokha. Ndani wina m'dziko muno anaululapo zambiri chonchi atamwalira?

Ndinafunsa ngati tingangoika dampa yatsopano. Mkuluyo anati n'zotheka, gule achepa, koma kuli ngati kumwa panado pa chithupsa, ndipo tsiku limene mfundo ya tayi rodi idzaguluke, chiwongolero chidzazungulira chokha m'manja mwanga matayala akupita kwawo. Anawonjeza kuti iye ali ndi adzukulu, choncho poyesa galimoto sakwera nawo. Ndinaona kuti nayenso ndi mmodzi mwa osamvetsa luso.

Komabe ndinamupatsa ndalama ya mabushi ndi mfundo zija, chifukwa mayi akunyumba anabisa makiyi m'thumba la ufa n'kulumbira kuti satuluka. Ntchito ichitika Loweruka. Dampa yatsopano yafika kale, yonyezimira, yolimba moti kuikoka ndi manja mpaka kutuluka thukuta, ndipo ndikuiyang'ana ndi diso lokayika. Yakaleyo ndamuuza makaniko kuti asaitaye. Ndakhoma kale misomali iwiri pabalaza, pansi pa chithunzi cha malume.