Malangizo kwa wofuna kusokoneza mayeso a gulu la njinga pa Zwift

Pamsewu weniweni, wopalasa njinga amene wabisala kumbuyo kwa mnzake amasunga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake, poti wakutsogoloyo ndiye akulimbana ndi mphepo. Pa masewera a pa intaneti a Zwift, njinga yanu imakhala yomangirira pamakina m'chipinda, kachithunzi kanu n'kumathamanga pachilumba chopeka cha Watopia. Mphepo ya kumeneko ndi masamu, amene eni ake amawatcha Pack Dynamics. Akawasintha amafuna anthu owayesa. Mukalowa nawo, chitani izi kuti pasapezeke wotolapo nzeru.

Yambani ndi kulemera kwanu. Liwiro la kachithunzi limachokera ku mphamvu imene mukuponda (ma watt), kulemera kwanu ndi msinkhu wanu. Choncho lembani makilogalamu a tsiku la ukwati wanu. Sikelo isiyeni kuseri kwa kama.

Kenako sinthani zonse tsiku limodzi: njinga ina, mawilo ena, msewu wina, makina obwereka kwa alamu anu. Mukafika msanga, lumbirani kuti ndi masamu atsopanowo.

Posankha msewu, pitani ku Alpe du Zwift, phiri lokhota ka 21. Pachitunda chotere aliyense amakwawa, ndipo kubisala kumbuyo kwa mnzako kumathandiza pang'ono zedi. Palibe malo abwino kuposa amenewa oyesera mphepo. Mukakwera nokhanokha ndiye bwino koposa. Pomaliza mudzanene kuti gulu silikukoka.

Mukakakamizika kuyenda m'gulu, musaponde mofanana. Dandaulo lakale ndi lakuti am'mbuyo amaponyedwa kutsogolo mosinthanasinthana, gulu n'kuthamanga mopyola muyeso mpaka kumeza aliyense wofuna kulithawa. Kuti aone ngati zatheka kukonza, eni ake amafuna miyendo yodekha. Inu muzithawa mphindi iliyonse, muime kuti mupukute thukuta, mubwererenso ndi ukali. Intaneti ikaduka, anzanu n'kuzimiririka pakanema, mlanduwo ndi wa masamu omwewo.

Ulendo umodzi ndi wokwanira. Zakuti kuona maso a nkhono n'kudekha zisiyireni agogo. Manambala a ma watt ndi kugunda kwa mtima musawayang'ane, miyendo yanu yanena kale.

Popereka ndemanga, musatchule tsiku, msewu, kuchuluka kwa anthu m'gulu, kapena pamene munatsalira. Lembani mawu amodzi okha, m'zilembo zikuluzikulu: MWAONONGA. Wina akakufunsani chimene chaonongeka, muuzeni kuti munayamba kupalasa iye asanabadwe.

Mwina madzulo mudzamva kuti munalowa ulendo wolakwika, ndipo munapalasa ndi masamu akale omwe aja, amene mwakhala mukuyenda nawo chaka chonse. Musatekeseke. Ndemanga yanu musaichotse, ingowonjezerani kuti mukufuna akale abwerere.