Safunsa anasiya kudya phula, tsopano akudzola

Makolo athu anati safunsa anadya phula. Anamupatsa chisa cha njuchi, iye poopa kuoneka mbuli sanafunse kuti chokoma chili pati, anangotafuna mpaka nsagwada kuwawa, anzake akunyambita uchi m'zala. Mwambiwu ukadali moyo, koma Safunsayo anasamuka kumudzi. Masiku ano mumamupeza m'shopu ya zodzoladzola ku Limbe kapena mumsika wa Lilongwe, atanyamula botolo la kondishona, maso ali kutsogolo kwa botolo basi. Kutsogoloko kuli uchi ukudontha, peyala lodula pakati, ndi mayi womwetulira wa tsitsi lofika m'chiuno. Funso la Safunsa ndi limodzi: "Asisi, imeneyi ndi yabwino?" Asisi nawonso yankho lawo ndi limodzi: "Simunalakwitse amayi, yochokera ku Joni imeneyo." Malonda atha.

Akanangolitembenuza botololo, akanapeza tizilembo tija tofuna magalasi a agogo. Timeneto ndi tomwe sitinama, chifukwa opanga zodzola amayenera kulemba zimene asakaniza motsatira kuchuluka kwake, chochuluka pamwamba, chochepa pansi. Pamwamba penipeni pamakhala Aqua, yemwe kwathu timatunga pamjigo. Kawirikawiri madziwa amatenga magawo atatu mwa anayi a botolo lonse, mwinanso kuposa. Akwera thiraki kuchokera ku Johannesburg, adutsa ku Beitbridge, alipira msonkho ku Mwanza, koma ndi madzi ndithu.

Wachiwiri pamzere nthawi zambiri ndi cetyl alcohol kapena cetearyl alcohol. Apa ndi pamene amayi a mvano odziwa Chingerezi amabweza botolo pashelefu n'kupukuta m'manja. Pepani amayi, umenewu si mowa wa kushabini. Suledzeretsa, suuluka, ndipo suumitsa tsitsi. Ukhala tizibenthu toyera tolimba, tosungunuka pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 49. Kunena mosazungulira, ndi mtundu wa phula. Ndi limene limapangitsa kondishona kukhala yokhuthala ndi yoterera, kuti chipeso chidutse popanda kulira munthu. Choncho Safunsa wathu walipira mtengo wa uchi ndipo wapatsidwa phula ngati kale lija, kungoti ulendo uno wachita mwayi: phulalo ndi limene likugwira ntchito, uchi ukungojambulitsa.

Anatulukira phula limeneli ndi Mfalansa wina, Michel Eugène Chevreul, mu 1817. Analipeza m'mafuta a m'mutu mwa namgumi. Anamgumi anapuma, lero limachokera ku mafuta a kanjedza ndi a kokonati. Mkuluyu anakhala ndi moyo zaka 102, ndipo zithunzi zimene anamujambula atakwanitsa zaka 100 zimaonetsa tsitsi loyera lopita kumene likufuna, lina kuvuma lina kuzambwe. Zikuoneka kuti anali wotanganidwa ndi kutulukira, analibe nthawi yodzola.

Nanga tsitsi likufuniranji phula? Apa tiyenera kulengeza maliro: tsitsi limene mukuliona pamutu ndi lakufa. Chamoyo ndi muzu wokha, womwe uli pansi pa khungu. Kumtunda konseku ndi keratin, chinthu chomwecho chimene chimapanga zikhadabo, n'chifukwa chake kumeta sikupweteka. Tsitsi lililonse lili ndi timamba kunja kwake, tosanjikizana ngati mamba a chambo. Timamba tikagona, tsitsi limawala ndipo limaterera. Tikadzuka, tsitsi limakolana ndi linzake, chipeso chimakanirira, ndipo m'nyumba mumamveka mawu osayenera Lamulungu m'mawa.

Chimadzutsa timamba ndi ife tomwe. Shampu imachotsa litsiro pamodzi ndi mafuta achilengedwe. Sopo wa mtanda, uja wochapira mabulangete, amachita zoposa pamenepo. Mankhwala owongolera tsitsi ndiye chimake, poti ambiri ali ndi sodium hydroxide kapena abale ake, ndipo pH yake imafika 12 kupita m'tsogolo, pamene tsitsi limakhala mwamtendere pakati pa 4 ndi 5.5. Ndiye mukaona citric acid kumunsi kwa mndandanda, dziwani kuti ndi asidi yemwe uja wa m'mandimu, waikidwa kuti abweze zinthu m'malo mwake, timamba tigonenso. Tsitsi lathu lopotanali lilinso ndi vuto lake lobadwa nalo: mafuta ochokera pakhungu amavutika kuyenda njira yokhotakhota mpaka kunsonga, ndipo pokhota paliponse ndi pamene tsitsi limathothokera.

Tsopano pali dzina limene limathyola lilime ngakhale la aphunzitsi a sayansi: behentrimonium chloride. Lili ndi achibale, cetrimonium chloride ndi stearamidopropyl dimethylamine. Musawathawe, awa ndiwo eni ntchito. Tsitsi lonyowa limakhala ndi mphamvu ya magetsi ya negetivu, ndipo pamene lawonongeka kwambiri m'pamene mphamvuyo imachuluka. Mankhwalawa ali ndi mphamvu ya pozitivu. Akakumana amagwirana, moti ngakhale mutsukuluze ndi ndowa yathunthu, ena amatsalira pomwepo, makamaka pamalo povulala. N'chifukwa chake kondishona yotsukuluza si kutaya ndalama m'ngalande monga amanenera abambo ena poona madzi oyera akutsika kubafa. Asidi amene amapangira behentrimonium amachokera kwambiri ku mbewu za rapeseed, koma amapezekanso m'mafuta a mtedza ndi a njere za chamwamba. Inde, chamwamba chomwecho chimene ku Nsanje ndi ku Chikwawa amathyola kuseri kwa nyumba n'kutendera.

Kuwala kuja kumene kumachititsa anthu kutembenuka m'minibasi kumachokera kwa ena: dimethicone, amodimethicone, ndi onse a mayina othera ndi "cone". Awa ndi masilikoni, ndipo gwero lawo ndi mchenga. Amakuta tsitsi ndi kansalu kopyapyala kosaoneka, kotero kuti limaterera, silikolana, ndipo limapirirako moto wa chowumitsira. Pa intaneti masilikoni ali ndi adani ambiri, ndipo mabotolo ena amadzitama kuti alibe. Mlandu wawo weniweni ndi umodzi: ena sachoka ndi madzi okha, ndiye mukamangopaka pamwamba pa zakale osasamba ndi shampu, amaunjikana, tsitsi n'kulemera. Kupatula apo ndi anthu abwino. Dimethicone yemweyo amagwiritsidwa ntchito kupha nsabwe za m'mutu, ndipo m'bale wake simethicone ali m'mankhwala ochepetsa mpweya m'mimba. Banja limodzi likusamala kumutu ndi kumchira komwe.

Glycerin safunika kumulongosola kwa Mmalawi. Ndi gilisalini yemwe timathira m'mafuta odzola chiperoni chikayamba mu Juni, zidendene zikayamba kung'aluka. Ntchito yake ndi kukoka chinyezi n'kuchisunga. Koma sasankha nyengo: m'dzinja, mpweya utadzaza chinyontho, amakoka mopitirira, ndipo tsitsi limene mwaliwongola maola awiri limabwerera kwawo musanafike kuukwati. Panthenol naye ndi wa gulu lomweli. Ndi kholo la vitamini B5, ndipo dzina la Pantene, yomwe inayambira ku Switzerland m'zaka za m'ma 1940, linachokera kwa iye. Amafewetsa tsitsi ndi kulisungira chinyezi, koma mawu oti vitamini asakupangitseni kuganiza kuti tsitsi likudya. Wakufa sadya.

Komatu m'mashelefu athu chakudya cha wakufayu ndi chambiri kuposa cha amoyo. Pali hair food, pali hair mayonnaise, palinso hair fertilizer, amene sanalowebe m'ndondomeko ya makuponi. Tembenuzani chitini cha hair food: pamwamba kawirikawiri mupeza petrolatum ndi mineral oil, zochokera ku mafuta a pansi pa nthaka. Sizilowa m'tsitsi, zimangotseka kunja kuti madzi asathawe, ndipo ntchito imeneyo zimaigwira bwino ngati tsitsilo linali lonyowa kale. Mwini nkhani imeneyi ndi Robert Chesebrough, amene mu 1859 anapita ku zitsime za mafuta ku Titusville, ku Pennsylvania, n'kuona antchito akupala phula lomatirira pa zitsulo zopopera n'kumapaka pamabala. Analiyenga, ndipo pofika 1872 Vaseline anali atabadwa. Mkuluyu ankauza anthu kuti amadya supuni imodzi ya mafutawo tsiku lililonse. Nayu munthu amene anadyadi phula, mwadala, atafunsa kale, ndipo anamwalira ali ndi zaka 96. Makolo akanamumva mwina akanausinthako mwambiwo. Inu musayese, nsima ilipo.

Mafuta a zomera sali ofanana. A kokonati amalowadi m'kati mwa tsitsi, chifukwa tizigawo take n'tating'ono ndi towongoka. Kafukufuku wa ku India wa mu 2003 anapeza kuti amachepetsa kuguga kwa tsitsi posamba, pamene mineral oil ndi mafuta a mpendadzuwa sanathandize pa zimenezo. Tingonong'onezana kuti ofufuzawo ankagwira ntchito pakampani yogulitsa mafuta a kokonati, ngakhale kuti zimenezi sizitanthauza kuti ananama. Shea butter wa ku Ghana ndi Burkina Faso, ndi argan wa ku Morocco, amafewetsa tsitsi. Koma chimene chimandiseketsa ine ndi Ricinus communis seed oil, ndiye mafuta a nsatsi. Agogo athu ankakazinga nsatsi, kusinja, kuwiritsa, n'kuyengula mafuta odzola. Ife tinaphunzira sukulu n'kunena kuti zimenezo n'zachimidzi, zonunkha. Lero mdzukulu akuitanitsa kabotolo ka Jamaican black castor oil kwa achemwali ake a ku Leeds, pamene nsatsi zikumera zokha kudzala, mbuzi zomwe osazilabadira.

Nanga uchi uja wapachithunzi uli kuti? Tsikani ndi chala. Dutsani madzi, phula, behentrimonium, silikoni. Mupeza parfum, fungo limene kunena zoona ndi limene linakugulitsani botolo. Mupezanso phenoxyethanol kapena sodium benzoate, alonda oletsa chuku ndi tizilombo kuswana m'madzi muja. Ku Ulaya phenoxyethanol saloledwa kupitirira 1 peresenti, ndipo opanga ambiri amatsata malire omwewo. Ndiye chilichonse cholembedwa pansi pa iye, dziwani kuti ndi kadontho. Kumeneko, kumchira kwenikweni, pafupi ndi utoto, n'kumene nthawi zambiri mumapeza Mel, ndiye uchiwo, atakhala phee pamodzi ndi peyala lija. Chithunzi chinatenga theka la botolo, mwini chithunzi sakwana supuni yaing'ono.

Alonda aja anawerengedwa molingana ndi madzi amene ali m'botolo. M'masaluni ena, kondishona ikafika pakati amaithira madzi apampopi, kukhutchumula, n'kukhalanso yodzaza, ndipo botolo limodzi limatha kuona Khirisimasi ziwiri. Pamenepo alonda achepa, akuba achuluka. Mutu ukayamba kuyabwa, mlandu umagwera mfiti za kuntchito.

Pamabotolo ena amalemba kuti amakonza tsitsi lowonongeka, ndipo umboni wawo ndi hydrolyzed keratin, yochokera ku ubweya wa nkhosa kapena nthenga, yoduladula tizidutswa. Imamata m'ming'alu, tsitsi n'kumveka lolimba, mpaka tsiku losambanso. Nsonga imene yang'ambika pawiri ilibe mankhwala ena koma sizasi. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, kaya mwadzola za K2,000 kaya za K40,000. Chimene kondishona imachita ndi kuletsa kuti sentimitayo isathere m'chipeso, ndipo kwa tsitsi lathu imeneyo si ntchito yaing'ono. Koma singabweze tsitsi la pachipumi limene likuthawira kumbuyo chifukwa choluka mokoka mpaka nsidze kukwera, munthu kugona chokhala masiku atatu.

Abambo amene mwafika pano mukuseka akazi anu, dikirani. Tinakuonani kumsika Loweruka, mutavala chipewa, mukunong'oneza mnyamata wa pabenchi kuti akupatseni "kaja ka feteleza". Mnyamatayo anakutsimikizirani kuti pakatha milungu iwiri mudzafuna chipeso, inu osafunsa n'komwe chifukwa chimene iye mwini wavalira chipewa. Dazi limayambira kumuzu, ndi nkhani ya mahomoni ndi ya kumtundu, ndipo m'chitinimo muli petrolatum, fungo, ndi kanthu kena kothetheka pakhungu kuti mumve ngati mbewu zikumera. Mwapaka m'mawa ndi madzulo mokhulupirika, ndipo zotsatira zake anthu okhala benchi ya kumbuyo kwanu kutchalitchi akuziona: dazi lilipobe lonse, kungoti tsopano likuthobwa m'maso.