Ulendo wa ku Likoma wodzera ku Chilumba

Kwathu ku Chama, madzi aakulu amene timawadziwa ndi a Luangwa. Ndawoloka mtsinjewu pa bwato kangapo, mvuu zikupuma chapafupi, choncho pamene banja linandisankha kuti ndikaimire mwana wa mlongo wanga pa chinkhoswe ku Likoma, ndinauza amake ana kuti asade nkhawa. Nyanja, ndinatero, ndi mtsinje wonenepa chabe. Iwo sanayankhe. Anangomanga thumba la mpunga wa ku Chama, uja wonunkhira mpaka kwa aneba, kuti ndikapereke kwa apongozi.

Ndinatsika ku Lundazi, n’kuwoloka malire pa Lusuntha, kenako Jenda, Mzuzu, mpaka ku Nkhata Bay Loweruka madzulo. Pamalire paja ndinasintha makwacha athu ndi a ku Malawi, ndipo anandipatsa mpukutu umene sunakwane m’thumba la malaya. Ndikuganiza kuti kupusa kwanga kunayambira pamenepo. Munthu wonyamula mpukutu wotero safunsa njira.

Lamlungu m’mamawa ndinapeza sitima ya Ilala itaima padoko, yoyera, yaitali kuposa nyumba iliyonse ya pa boma la Chama. Anthu anali pikitipikiti kukweza malata, matumba a chimanga, njinga, nkhuku zomanga miyendo. Mayi wina wogulitsa mandasi anandifunsa kumene ndikupita. Nditamuuza, anati, “Bambo, ya ku Likoma ndi mawa usiku.” Ine ndinaseka. Ndinaona ngati akufuna kuti ndigonenso pamenepo ndizimugula mandasi. Sitima ili apa, ine ndili apa, mawa la chiyani? Ndinasenza thumba langa n’kulowa.

Pansi, pamene pamakhala anthu ambiri, panalibe poponda. Fungo la usipa, la mafuta a injini ndi la thukuta zinali zitagwirizana kale. Ndinakwera masitepe opapatiza, thumba likundikokera kumbuyo, mpaka ndinatulukira pamwamba penipeni, pomwe panali mphepo yabwino, mipando ndi malo ogulitsira zakumwa. Ndinadabwa kuti anthu onse aja akupanikizana pansi chifukwa chiyani malo abwino chonchi ali mbee. Ndinaika mpunga pansi, ndinavula nsapato, ndinaitanitsa chakumwa chozizira.

Pafupi nane panali mphunzitsi wina wopuma ntchito, wopita ku Usisya. Dzinalo silinandiuze kanthu. Ndinkayesa mudzi wina wa pachilumba. Iyeyu ndiye anandifotokozera kuti sitimayi inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Beira, n’kulumikizidwa ku Monkey Bay, ndipo yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951. Atanena kuti dzina lake linachokera ku Ilala, dera la ku Zambia kumene David Livingstone anamwalirira mu 1873, ndinatukumula chifuwa. Ndinamuuza kuti ndiye kuti sitimayi ndi yakwathu, ine ndi iyo ndife pachibale.

Hutala inalira, doko linayamba kubwerera m’mbuyo. Patali pamadzi ndinaona utsi wakuda ukukwera kumwamba, ndipo ndinalengeza mokweza kuti ku Likoma akutentha tchire. Aphunzitsi aja anandiuza mwaulemu kuti zimenezo ndi nkhungu, tizilombo touluka timene timatuluka m’nyanja. Ndinangoti ndimawayesa.

Kenako mwera unayamba. Pa Luangwa bwato likagwedezeka umaona tsidya, umadziwa kuti mavuto atha posachedwa. Apa tsidya kunalibe. Sitima inkakwera, n’kutsika, n’kupendekeka, ndipo m’mimba mwanga zinthu zinkatsalira m’mwamba ine nditatsika kale. Chakumwa chija chinabwerera njira imene chinadzera. Ndinagwira chitsulo cha m’mphepete ngati mwana wogwira chitenje cha amake, ndipo kamtsikana kena kamene kankadya nthochi mosatekeseka kanafunsa agogo ake ngati bambo awo akumwalira.

Ndili chomwecho, anafika wogulitsa matikiti. “Mukutsika pati, bambo?”

“Likoma,” ndinayankha, mawu ali ngati a nkhuku yonyowa.

Anandiyang’ana, anayang’ana aphunzitsi, kenako analoza mapiri amene anali kudzanja lathu lamanzere. “Bambo, tikupita kumpoto. Usisya, Ruarwe, Chilumba. Tikatembenuka kumeneko tidzafikanso pa Nkhata Bay mawa, ndiye tidzawolokere ku Chizumulu ndi Likoma.” Anawonjeza, mosakweza mawu, kuti pamene ndakhalapo ndi pa fesiti kilasi, ndipo mtengo wake ndi wina.

Mpukutu uja unaphwa ngati chibaluni. Ndinatsika masitepe omwe aja, nsapato m’manja, kukafuna malo pakati pa matumba a chimanga. Mayi wina wachitonga anasendeza dengu lake kuti ndikhale, nandipatsa kondowole ndi kansomba, koma m’mimba munakana. Pa Usisya ndi pa Ruarwe palibe doko. Sitima imaponya nangula patali, anthu n’kumatsikira m’maboti aang’ono, makanda akupatsirana m’manja ngati maungu. Ndinaonerera zonsezi ndili chigonere, mutu uli pa mpunga wa apongozi.

Mpungawo sunafike wonse. Pofika ku Chilumba usiku ndalama ya tikiti yobwerera inali itaperewera, ndiye ndinamasula thumba n’kuyamba kugulitsa pa kapu. Anthu anaukonda kwambiri, ena mpaka kufunsa ngati ndidzabwerenso sabata yamawa.

Lolemba masana tinakocheza pa Nkhata Bay. Ndinatsika pang’ono kuti miyendo ikumbuke nthaka, kathumba kopepuka kali m’khwapa, ndikuzemba mbali imene kunali mandasi. Sizinathandize.

“Mwabwerako, bambo! Apongozi ali bwanji ku Likoma?”

Ndinagula mandasi anayi.