Mame a ku Solitaire

Ndinali nditasiya kukhulupirira zoti mlendo ndi mame. Aliyense wokhala m'tauni amawadziwa mame aja anabwera kudzafuna ntchito kwa "masiku ochepa chabe", lero ali ndi kiyi wawowawo ndipo rimoti amasunga ndi iwo. Mame oterowo ngakhale dzuwa la mu Okutobala limawalephera.

Koma posachedwapa mwambiwu ndaupeza uli moyo, ukudya bwino, m'chipululu cha Namib ku Namibia. Kumeneko kuli kamalo kotchedwa Solitaire, pamphambano ya misewu ya C14 ndi C19. Kuchokera ku Walvis Bay ndi makilomita oposa 200, ambiri mwa iwo msewu wamiyala wogwedeza chiwindi. Ukafika upeza pampu ya mafuta, kagolosale, pomatira matayala, pogona ndi bekale. Basi. Magalimoto akalekale odyeka ndi dzimbiri anawaika mumchenga ngati zokongoletsa, ndipo pali bolodi pomwe amalembapo ndi choko kuchuluka kwa mvula imene yagwa. Manambala ake mlimi wa chimanga atawaona angapemphe mpando.

M'dziko lotere mame si nkhani yoseweretsa. Ku milu ya mchenga ya kufupi ndi nyanja kuli kachikumbu kena kamene kamakwera pamwamba mbandakucha, n'kuzyolika mutu pansi, mbuyo m'mwamba. Nkhungu yochokera ku Atlantic imasanduka timadontho pamsana pake, timadonthoto n'kutsetserekera kukamwa. Kamwa madzi, tsiku latheka.

Solitaire nayenso anazyolika chimodzimodzi, kungoti nkhungu yake imabwera pa matayala anayi. Malowa anayamba ngati famu ya nkhosa za karakul mu 1948, koma zikuoneka kuti alendo opita kukaona milu ya mchenga ya ku Sossusvlei ali ndi chinyontho kuposa nkhosa. Amagwa kuyambira m'mawa, fumbi mpaka m'nsidze. Choyamba kuchimbudzi, mothamanga koma modzilemekeza. Kenako kudzaza thanki. Kenako pamzere wa apple pie, amene anatchuka ndi malemu Moose McGregor, bambo wandevu amene anamwalira mu 2014 koma uvuni wake sunazime. Akatero ajambulitsa atatsamira galimoto yadzimbiri, yomwe ikanakhala pakhomo pawo akanaigulitsa kwa ogula zitsulo, kenako ziii, akamuka.

Ndipo mame ali mitundumitundu. Alipo mame ovala chipewa chachikulu, odzola mafuta oteteza dzuwa mpaka kuyera ngati adwala. Alipo mame oyenda foni ili m'mwamba, kusaka netiweki. Alipo mame a mwamuna ndi mkazi amene sanalankhulane chiphulikire tayala pa Kuiseb Pass, aliyense akudya payekha. Pansi pa matebulo agologolo akutola nyenyeswa, ndiye kuti iwowo akumwa mame a mame.

Apa ndiye nthabwala zinandithera pang'ono. Mwambiwu timakonda kuunena podzitonthoza: pirira, apita. Koma akuluakulu ankatanthauzanso kuti mlendo umusamale lero, poti mawa kulibe. Pa Solitaire palibe amakufunsa kuti ndiwe mwana wa yani. Wothira mafuta amayang'ana matayala ako osamutuma, n'kukuuza kuti pamiyala usathamange, chonsecho akudziwa kuti sadzakuonanso. Mudzati ndi bizinesi. Inde, ndalama timalipira. Koma ine sindiona cholakwika kuti munthu adye ndi kuchereza kwake, makamaka kumene galimoto ikakufera panjira umadikira nthawi yaitali usanaone fumbi la ina. Chomwe chimandinyansa n'chakuti alendofe timajambula zitsulo zowola kambirimbiri, koma anthu amene amakhala pamenepo chaka chonse, m'kutentha komweko, sitiwafunsa n'komwe kuti mwadzuka bwanji.

Mukadzafikako, apatseni moni kaye. Ndipo ngati mukulowera ku Walvis Bay, dzazani thanki ngakhale ili pakati, chifukwa panjirapo palibenso pampu ina.