Bokosi la mandasi ndi umisiri wanga

Mwamuna aliyense m'dera lathu lino ndi mmisiri, bola ntchitoyo ikhale ya mnzake. Tcheyamani wa gulu limeneli ndine. Ndiye mayi a kunyumba atanena kuti akufuna bokosi loonekera mkati logulitsiramo mandasi, ndinakanitsitsa zopatsa kalipentala ndalama ine ndili moyo. Ndinakagula Perspex wa mamilimita 3, n'kubwereka sowo yamagetsi.

Perspex ndi pulasitiki wooneka ngati galasi, koma kulemera kwake n'kochepera pang'ono theka la galasi. Anayamba kupangidwa m'ma 1930: ku Britain kampani ya ICI inamupatsa dzina limeneli, pomwe ku Germany Otto Röhm anamutcha Plexiglas. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ankapangira mawindo a ndege. Ndinadziguguda pamtima: chinthu chimene azungu ankadula mabomba akugwa chingandivute ine, wokhuta nsima?

Ndinayamba ndi kumatula pepala limene amamata pamwamba pake, kuti ndione chomwe ndagula. Kodi pepalalo amalisiya mpaka ntchito ithe! Sowo isanalowe n'komwe, phazi lake linali litalemba kale mizere.

Kenako ndinaitsegula mpaka pamapeto. Perspex amayamba kufewa kutentha kukangopyola madigiri 100, ndipo sowo yothamanga imafikako msanga. Ndinadula kuchokera uku mpaka kutulukira uko, fungo lili guu, thukuta lili kamukamu. Ponyamula, chinthu chikadali chimodzi. Chinkasungunuka kumbuyo kwa sowo n'kumagwirananso.

"Ababa, mwadula kapena mwawotcherera?" anafunsa mwana wanga, yemwe sukulu fizi yake ndimalipira ndine.

Kalipentala uja anali atatsamira mpanda, akukukuta chimanga chootcha. "Achimwene, ameneyo safuna mphamvu. Mukafuna sowo, ikhale ya mano ang'onoang'ono, ndipo muziipumitsa izizira. Koma wopyapyala chonchi, sowo ya chiyani?"

Mayi a kunyumba anamva kamodzi kokha. Anatenga rula yachitsulo ndi mpeni wakuthwa, n'kukanda mzere womwewo mobwerezabwereza mpaka unazama. Anaika Perspex uja m'mphepete mwa tebulo, mzere uli kumwamba, n'kukanikiza. Thyo! Wowongoka bwinobwino. Ine ndinati ndimafuna kutero kumene.

Poboola ndiye ndinati ndibweze ulemu wanga. Koma choboolera zitsulo chikamatulukira kuseri chimakoka Perspex, ndipo mng'alu unathamanga mpaka pakona. Mphunzitsi wa pampanda anati pansi pake pazikhala thabwa, makina aziyenda pang'onopang'ono, ndipo bowo likuleko kuposa sikuluwu, chifukwa pulasitikiyu amafufuma akamenyedwa ndi dzuwa. Bokosi la mandasi, dziwani, limaswera padzuwa la Okutobala.

M'mphepete ndinakwecha ndi sandipepa wonyowetsa, kuyambira wa 220, kenako 400, kumalizira 600. Apa pokha ndinakhoza, poti kukwecha sikufuna nzeru. Nditadutsitsamo lawi la moto mwachangu, m'mphepetemo munawala waliwali. Chimwemwe chitandipitirira, ndinapukuta ndi sipiliti kuti ndionjezere kuwala. Sipiliti pamalo potenthedwa ndi moto amabala timing'alu tosawerengeka, ndipo tinatuluka ndikuona ndi maso angawa. Sopo ndi madzi zikanakwana.

Mandasi akugulidwa ndithu. Makasitomala ena amafunsa ngati bokosilo linachita ngozi ya minibasi. Mayi amangopereka chenji n'kuyankha kuti, "Ayi, linakumana ndi bambo a kunyumba."