Za Mitengo Zatenga Malo ku Furancungo ndi ku Tsangano

Mukakwera chapa yopita ku Furancungo nyengo ya lupsa ino, musavutike kuyambitsa nkhani. Utsi ukangooneka paphiri, aliyense m'galimotomo amakhala kuti ali naye kale womuloza chala. Amayi akuti ndi anyamata osaka mbewa. Anyamata akuti ndi ofula njuchi. Ofula njuchi nawo akuti olira ndi iwowo, poti moto ukanyambita ming'oma, uchi wa chaka chonse wapita. Mpaka potsikira, woyatsa moto sapezeka, koma onse avomerezana chimodzi: nkhalango ya m'mudzi ikutha.

Kuchigayo nkhani ndi ya fodya. Boma la Macanga limalima bale kwambiri, ndipo alimi ambiri amagulitsa ku Mozambique Leaf Tobacco, yomwe fakitale yake ili mumzinda wa Tete. Abambo akudziteteza kuti bale safuna nkhuni, amauma yekha ndi mphepo m'chigafa. Nzoona ndithu. Koma amayi, lichero lili m'manja, akufunsa mokoma kuti, "Nanga bambo a kunyumba, mphanda ndi phaso za chigafacho zimagwa ndi mvula?" Apo abambo amayamba kuyang'ana ngati mgaiwa watuluka. Funsolo nlolemera, chifukwa mitengo yodulidwira chigafa ndi ing'onoing'ono yowongoka, yomwe ikanadzakhala nkhalango ya mawa, ndipo chiswe chikaigwira mwini wake amabwereranso kuthengo ndi nkhwangwa.

Ku Tsangano, kwao kwa mbatata ya kachewere ndi tirigu, kumazizira kosati masewera, ndiye nkhuni ndi nkhani ya m'nyumba iliyonse. Ku Ntengo-wa-Mbalame akuseka kuti mbatata ilipo yodzaza malole, chosowa ndi chophikira. Matumba a makala akamatsetsereka panjinga kulowera malire a Ntcheu, a tsidya lino akuti Amalawi ndiwo atha mitengo pogula, a tsidya ilo akuti iwo sanadulepo, angogula chomwe chabwera. Otsutsanawo ndi apachibale, pamaliro amakhala mphasa imodzi.

Akuluakulu akukumbukirabe za nthawi ya Pulezidenti Armando Guebuza, pamene kunamveka kuti "um líder, uma floresta", mfumu iliyonse ikhale ndi nkhalango yake. Akuti kwina bulugamu ndi paini zinakula, anthu akudulako milimo. Kwina mbande zinabzalidwa mwa nthungululu, mbuzi nkudzamaliza mwambo wonse mvula isanathe.

Koma ikafika ya ndalama, ngakhale wogona amadzuka. Mozambique inakhazikitsa lamulo la nkhalango ndi nyama zakuthengo mu 1999, ndipo mu 2005 boma linalongosola kuti magawo 20 pa 100 alionse a msonkho wodulira mitengo azibwerera kwa anthu a dera lomwe mitengoyo yachoka. Kuti ndalamazo zifike, mudzi uyenera kukhala ndi komiti yodziwika ku boma komanso akaunti kubanki. Pabawo ndiye "vinte por cento" ali pakamwa pa aliyense. Wina akuti anamva kuti kwinakwake anakumbira mjigo. Wina akuti iye amangoona malole a mlombwa. Agogo ena amangodula nkhani: fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Ophunzirako pang'ono amatchula Tchuma Tchato, ntchito yomwe inayamba mu 1994 ku Bawa m'boma la Mágoè, m'chigawo chomwechi cha Tete, pomwe midzi inayamba kulandirako gawo la ndalama zomwe osaka nyama amalipira. Akufunsa kuti ngati zinatheka ndi njovu, zilephereranji ndi mombo ndi msuku?

Chomwe chimandikondweretsa pa mikangano yonseyi nchakuti imathera pamalo amodzi. Wina amangoti, "Nanga kumanda bwanji mitengo ili phee?" Onse nkuseka, chifukwa akudziwa. Pitani mudzi uliwonse wa Achewa ku Macanga: minda yayera mbee, koma pakati pake paima chitsamba chobiriwira, mitondo yaikulu yoti anthu awiri sangaikumbatire. Palibe waya, palibe mlonda wolipidwa. Mwini malowo amadziwika, lamulo lake ngakhale mwana amalidziwa, ndipo wolakwira amalipa kwa amfumu osadikira kalata yochokera ku Tete. Anthu athu kusunga nkhalango amakudziwa kalekale. Chomwe chimavuta nkhalango ya komiti nchakuti ambiri amaiona ngati ya apampando ndi alembi, pomwe otola masuku, ozula bowa ndi otola nkhuni, omwe amaiyenda tsiku ndi tsiku, saitanidwa kumsonkhano.

Ndiye inu a komiti, imvani zomwe zikukambidwa m'chapa ndi kuchigayo. Lambulani njira zotchinga moto udzu usanaume. Gwirizanani pabwalo mbali yodulako mitengo ya zigafa ndi mbali yosiyira mphukira kuti zikule. Amayi alowe m'komiti, azisunga nawo buku. Ndipo ndalama ikabwera, kaya ndi ya boma kaya ndi ya chindapusa, iwerengedwe mokweza pamaso pa amfumu ndi mudzi wonse, metikali ndi metikali.