Galu Wanga Saluma, Amangogwira

Pabwalo la amfumu panabwera mlandu. Wodandaula anapinda buluku n'kuonetsa mabowo anayi pakatumba.

"Gogo, galu wa bambowa wandiluma popanda chifukwa."

Mwini galu anaimirira mwaulemu, chipewa m'manja. "Gogo, galu wanga saluma. Amangogwira."

"Amagwira ndi chiyani?" inafunsa nduna.

"Ndi mano."

"Ndiye kuluma n'kutani?"

"Kuluma ndi pamene wachotsa mnofu n'kupita nawo. Apa mnofu wonse ulipo, aone bwino."

* * *

Tsiku lina wakabaza anafika pagolosale akutsimphina, akulumbira kuti galu amene wamuluma sanamupute n'komwe. Pabenchi panali aphunzitsi ena opuma pantchito, aja sangalole liwu lidutse osalichonga.

"Achimwene, musasakanize. Kusaputa ndi kwina, kupanda chifukwa ndi kwina. Galu akaona chinthu chikuthamanga, mtima wa ulenje umadzuka. Chifukwa chake ndi mateyala anuwo."

"Ndiye bwanji sanalume teyalalo?"

Aphunzitsi anakhala kaye chete. "Teyala lilibe mnofu."

Kunena zoona, apa ndili kumbali ya aphunzitsi, ngakhale amatopetsa. Galu amakhala nacho chifukwa, kungoti salengeza. Wamkazi amene ali ndi tiana amakuonani ngati wakuba. Amene ali pafupa safuna mnzake. Womangidwa pa unyolo dzuwa lonse amalusa poti alibe kothawira, ndipo wa chilonda amaluma ngakhale mbuye wake akamukhudza pomwe pakuwawa. Ana ndiwo amavutika kwambiri poti amathamanga, amakuwa, amakoka mchira. Koma kukhalapo kwa chifukwa sikusandutsa wolumidwa kukhala wolakwa. Apa m'pamene eni agalu amazembera.

* * *

"Lowani, musaope," anatero mayi ena kwa mlendo pageti. "Ameneyu chibadwire sanalumepo munthu."

Mwana wawo anasuzumira pawindo. "Amayi, nanga abambo aja a mwezi watha?"

"Khala chete iwe! Aja anali akatapila."

* * *

Pali chifukwa chimodzi chosaseketsa: chiwewe. Galu wachiwewe safuna kuputidwa, amaluma mtengo, mbuzi, mwini wake yemwe. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ndipo zizindikiro zikangoyamba kuoneka, kuchira n'kosowa zedi. N'chifukwa chake a bungwe la Mission Rabies akhala akubaya agalu katemera mumzinda wa Blantyre kuyambira 2015.

M'chaka cha 1885, mnyamata wa zaka 9, Joseph Meister, atalumidwa ndi galu wachiwewe ku Alsace, mayi ake anamutenga ulendo wa ku Paris kwa wasayansi Louis Pasteur, kumene anabayidwa katemera watsopano wa Pasteuryo, ndipo mwanayo anapulumuka. Akanakhala a pabenchi paja, bwenzi akufunsabe ngati mwanayo analumidwa, anagwidwa kapena anangolawidwa.

Choncho galu akakugwirani ndi mano, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Kwa amfumu mukapita mawa.